Kuchokera ku Vienna kukafika ku Leipzig ndi piyano, vayolini ndi chelo

Lamlungu, Vienna

Sabata ino tikujambula nyimbo ziwiri za oimba atatu, wa piyano, wa vayolini ndi wa chelo. Yoyamba ndi ya Haydn ya mu G major, yolembedwa mu 1795, ndipo yachiwiri ndi ya Schubert ya mu E-flat major, D. 929, ya mu 1827. Loweruka gululi likaimba ya Mendelssohn ya mu D minor pamaso pa anthu ku Leipzig, nayonso tikaijambula.

Tisanamasule chingwe chilichonse tinayamba tapita ku Neue Burg, kumene nyumba yosungira zinthu zakale ya Kunsthistorisches Museum imasunga zida zoimbira zakale. Aliyense amene akufuna kujambula nyimbo za mtunduwu ndi bwino ayambe waona mapiyano a kumeneko. Piyano ya ku Vienna ya masiku a Haydn inali ndi makiyi pafupifupi 61, thupi lake lonse la matabwa, nsambo zowonda, ndi tinyundo tokutidwa ndi chikopa. Za wopanga mapiyano Conrad Graf, za m'nthawi ya Schubert, zinakulako mpaka ma octave asanu ndi imodzi ndi theka (octave imodzi ndi makiyi 12), koma zinali zamatabwabe. Ukagunda kiyi, mawu ake amatuluka msanga n'kuzilalanso msanga, ndipo manoti apansi amamveka limodzilimodzi, osaphatikana.

Piyano imene tikaigwiritse ntchito mawa ndi ya mtundu wina. Ili ndi makiyi 88, ndi yotalika masentimita 274, imalemera pafupifupi theka la tani, mkati mwake muli chimango chachitsulo, ndipo nsambo zake zoposa 200 zimakoka ndi mphamvu yoyandikira matani 20. Vayolini ndi chelo nazo zinasintha m'zaka zimenezi, khosi linatalikirako ndipo nsambo zambiri tsopano ndi zachitsulo kapena zokutidwa ndi chitsulo, koma thupi silinakule. Ndiye kuti manoti amene Haydn ndi Schubert analembera piyano yofewa tikuwaimba pa piyano yamphamvu kwambiri, ndipo chida chimene chimamira choyamba ndi chelo, chifukwa mawu ake ali pomwe dzanja lamanzere la woimba piyano limayenda.

Lolemba, holo ya kunja kwa mzinda

Holoyi ili kutali ndi msewu waukulu, pansi pake ndi pamatabwa, denga ndi lalitali. Ukaomba m'manja kamodzi muli mopanda anthu, mawu amatha pakadutsa pafupifupi masekondi 1.7. Kwa oimba atatu zimenezi n'zabwino. Chipinda chimene mawu amafa sekondi isanakwane chimaumitsa vayolini, ndipo tchalitchi chachikulu chimene mawu amazungulira masekondi atatu chimasakaniza manoti othamanga a piyano mpaka osamvekanso. Kenako tinaika maikolofoni imodzi pakati, n'kuikweza mphamvu, aliyense ali chete, kuti timve zimene khutu limanyalanyaza: firiji ya m'chipinda cha pambali, pampu yotenthetsera nyumba, getsi limodzi lolira pang'onopang'ono. Zonsezi zimazimitsidwa pojambula, ndipo zotenthetsera zimayatsidwa nthawi yopuma yokha.

Wochuna piyano anafika m'mawa. Tinagwirizana kuti noti A ikhale pa 443 Hz (kunjenjemera ka 443 pa sekondi), monga oimba ambiri kuno anazolowera, ndipo nambalayi sisinthanso mpaka Lachinayi. Chida choyezera chinyezi chili pafupi ndi mwendo wa piyano. Tikufuna chinyezi cha pakati pa 40 ndi 55 peresenti. Chikatsika, thabwa lokuza mawu mkati mwa piyano limafota ndipo manoti apakati amatsika. Chikakwera limatupa, manoti n'kukwera, ndipo ubweya wa pa uta umalefuka.

Nkhani imene magulu ambiri amakangana ndi ya chivindikiro cha piyano. Ambiri amachitsitsa pa kamtengo kakafupi poganiza kuti akupulumutsa chelo. Sizithandiza. Mphamvu ya mawu imachepa pang'ono chabe, koma mawuwo amatuluka ofutika, ndipo amadutsa pa kampata kamene kali kumsana kwenikweni kwa woimba chelo, moti iye sadzimvanso n'kuyamba kukanikiza uta. Choipa kwambiri n'chakuti woimba piyano sadzimva bwino, ndiye amagunda mwamphamvu. Ife tatsegula chivindikiro chonse. Piyano yotsegula imamveka bwino ngakhale ukuigwira mofatsa, ndipo woimba amadziwa msanga akapyola muyezo.

Vayolini yakhala kumanzere, chelo kumanja, onse awiri pafupifupi mita ndi theka kutsogolo kwa piyano, motembenukirana pang'ono kuti woimba piyano aziona uta wa aliyense. Chelo tachikweza pa kathebulo ka matabwa kopanda kanthu mkati, kotalika masentimita 15 mpaka 20. Chitsulo chosongoka cha pansi pa chelo chimalowetsa kunjenjemera m'matabwawo, ndipo manoti apansi amanenepa.

Maikolofoni akuluakulu ndi awiri, a mtundu womva mbali zonse, otalikirana masentimita 50, m'mwamba pafupifupi mamita 2.7 ndi mamita awiri ndi theka kutsogolo kwa oimba. M'holo yosamveka bwino tikanasankha njira ya ORTF, yomwe imagwiritsa ntchito maikolofoni awiri omva kutsogolo, otalikirana masentimita 17 ndi opatukana madigiri 110, chifukwa imatola mawu ochepa a m'makoma. Koma pano makoma akutithandiza, ndipo maikolofoni omva mbali zonse amatola bwino noti C yapansi ya chelo, ya 65 Hz, ndi manoti akuya a piyano.

Maikolofoni othandizira alipo: imodzi masentimita 70 kutsogolo kwa chelo, pamwamba pang'ono pa pomwe uta umadutsa osati molunjika pa bowo la pa thupi la chelo, chifukwa pabowo mawu amangoguguda, ina mita imodzi ndi kachidutswa pamwamba pa vayolini, awiri pokhota pa piyano, ndi awiri kumbuyo kwa holo. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye amafika pa maikolofoni yapafupi asanafike pa akuluakulu aja. Osakonza zimenezi, chelo chimamveka ngati chatulukira kutsogolo ndipo mawu ake amaonda. Timachedwetsa maikolofoni yapafupi ndi mamilisekondi atatu pa mita iliyonse ya kusiyana, ndipo timayeza poomba m'manja pamalo pa woimba aliyense.

Tikujambula pa 24 bit ndi 96 kHz, pamakina awiri nthawi imodzi kuti ina ikaima ina ipitirize. Malo amphamvu kwambiri a Schubert tawaika kuti azifika cha pa -8 dB, popeza pojambula zenizeni oimba amaimba mwamphamvu kuposa poyeserera. Njira zisanu ndi zitatu, imodzi pa maikolofoni iliyonse, zimadya pafupifupi 8 GB pa ola.

Madzulo onse anapita posuntha mipando. Chelo chikachepa, kukweza maikolofoni yake pa mikisa sikuthetsa vuto, chifukwa piyano nayo imalowa m'maikolofoni yomweyo, ndiye ukukweza zonse ziwiri. Kusendeza mpando masentimita 30 kutsogolo kunachita zambiri kuposa batani lililonse. Pamene aliyense anakhutira, tinamata tepi pansi mozungulira mwendo uliwonse wa mpando ndi wa maikolofoni, n'kujambula zithunzi.

Lachiwiri, Haydn

Haydn analemba nyimbo za oimba atatu zoposa 40, ndipo mwa zambiri chelo chimangoimba zomwe dzanja lamanzere la piyano likuimba. Ena amaona ngati ndi ntchito yopepuka. Pa piyano yakale zinali zofunika ndithu, chifukwa chelo n'chomwe chinkatalikitsa manoti apansi amene piyano sinkatha kuwagwira. Pa piyano ya lero, zida ziwiri zikaimba noti imodzi, kusiyana kulikonse kwa kachunidwe kumamveka poyera.

Pali masamu ake. Piyano imachunidwa moti ma fifth onse (mtunda wa manoti asanu, monga kuchoka pa D kufika pa A) afupikitsidwa pang'ono, ndi ma cent awiri pa iliyonse, cent kukhala gawo limodzi mwa magawo 100 a semitone, mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana. Woimba chelo akachuna ndi khutu amayambira pa A, n'kutsika ku D, G ndi C pogwiritsa ntchito ma fifth oyera, osafupikitsa. Pofika pa C, nsambo yake yatsika ndi ma cent pafupifupi 6 poyerekeza ndi C ya piyano, ndipo G yatsika ndi 4. Nyimbo yathu ili mu G, choncho nsambo ya G yosagwira ndi chala imalira kawirikawiri. Mankhwala ake ndi osavuta: chuna G ndi C molunjika ku piyano, ma fifth akhale ofupikirako. Vayolini ichite chimodzimodzi ndi G yake. Ma third (mtunda wa manoti atatu, monga kuchoka pa G kufika pa B) ndiwo ovuta kwambiri, chifukwa major third ya piyano ndi yotakata ndi ma cent pafupifupi 14 kuposa yoyera. Pamene piyano ili ndi noti yomweyo, woimba vayolini atsatire piyano. Pamene ilibe, akhoza kutsitsa pang'ono kuti kodi (manoti oimbidwa pamodzi) ikhazikike. Malo amenewa timawalemba m'buku la manoti pasadakhale.

Haydn analemba nyimboyi ali ku London ndipo anaipereka kwa Rebecca Schroeter. Mapiyano a ku England a nthawiyo anali ndi mawu onenepa kuposa a ku Vienna, ndiye woimba wathu sakuyenera kuimba mwamantha. Chofunika n'kuchotsa phazi pa chopondera chakumanja, chimene chimatalikitsa mawu a piyano. Gawo lachiwiri, la mu E major, vayolini imatenga nyimbo ndipo piyano iyenera kupepuka. Gawo lomaliza, rondo yothamanga ya kavinidwe ka ku Hungary, silifuna kudulidwadulidwa. Ukalijambula m'tizidutswa, moto wake umazima.

Kajambulidwe kathu ndi aka. Gawo lonse liimbidwe kawiri osaima. Oimba abwere kudzamvetsera kamodzi kokha, chifukwa akamamvetsera pafupipafupi amayamba kuimbira maikolofoni m'malo moimbirana. Kenako tibwereze malo amene akufunika, kuyambira ma bar (tizigawo ting'onoting'ono ta m'buku la manoti) anayi kapena asanu ndi atatu malowo asanafike ndi kupitirira ma bar angapo atadutsa. Kuyambira kumbuyoku n'kofunika chifukwa polumikiza pamayenera kukhala mawu otsalira a manoti am'mbuyo m'holo. Akayambira pomwepo, cholumikiza chimamveka. Amene amakhala ndi buku la manoti m'chipinda chomvetserera, yemwe ku Germany ndi ku Austria amatchedwa Tonmeister, amalemba nambala ya take iliyonse (ulendo uliwonse wojambula) pamwamba pa ma bar, ndi chizindikiro chosonyeza ngati panayenda bwino kapena ayi. Amayezanso liwiro, popeza zobwereza za madzulo nthawi zambiri zimathamanga kuposa za m'mawa ndipo sizilumikizika.

Wochuna piyano sanachoke. Noti iliyonse yapakati ndi yapamwamba ili ndi nsambo zitatu, ndipo imodzi ikasuntha pang'ono noti imayamba kugwedera. Pambuyo pa rondo anakonza zingapo tisanapitirize.

Lachitatu, Schubert

Pakati pa Haydn ndi Schubert pali zaka 32 zokha, koma chelo chinasintha malo. Beethoven anachimasula ku dzanja lamanzere la piyano pang'onopang'ono, kuyambira pa nyimbo zitatu za Op. 1 zosindikizidwa mu 1795 mpaka pa Op. 97 ya mu 1811, imene anaipereka kwa Archduke Rudolph. Joseph Linke, yemwe anaimba chelo pamene Op. 97 inaimbidwa pagulu mu 1814, Beethoven mwini ali pa piyano, ndi yemweyo anaimba mu E-flat ya Schubert pa 26 Marichi 1828, pa konsati yokhayo ya nyimbo zake zokhazokha imene Schubert anachititsa ali moyo. Tsikulo panali patatha chaka chenicheni Beethoven atamwalira.

M'mawa tinajambula gawo loyamba, lalitali koma losavutitsa maikolofoni. Nthawi yambiri inapita pa gawo lachiwiri, Andante con moto ya mu C minor. Piyano imayamba yokha ndi makodi aafupi, oyenda ngati mapazi, kenako chelo chimalowa ndi nyimbo imene Schubert anaitenga ku nyimbo ya ku Sweden yomwe anamva Isak Albert Berg akuimba ku Vienna. Apa ndi pamene zonse za Lolemba zimayesedwa. Makodi a piyano ali pafupi kwambiri ndi manoti a chelo, ndipo akangotalika pang'ono amachiphimba.

Woimba piyano ali ndi zinthu zitatu zochita. Afupikitse makodi ndi zala, osati ndi chopondera, kuti pakati pa kodi ndi kodi pakhale mpata umene chelo chimvekeremo. Asapatse manoti onse a m'kodi mphamvu yofanana: lapansi kwambiri limveke, apakati apepuke, chifukwa apakatiwo ndi amene amalimbana ndi chelo. Chachitatu ndi chopondera chakumanzere, chimene chimasuntha tinyundo kuti tisagunde nsambo zonse zitatu. Chimachepetsa mawu koma chimasinthanso mtundu wake, ndiye chisagwiritsidwe ntchito pobisa dzanja lolemera. Tinachisungira malo amene Schubert analemba pianissimo, kutanthauza mofatsa kwambiri.

Woimba chelo naye asalimbane ndi piyano pokanikiza. Uta ukayandikira pa bridge (kathabwa konyamula nsambo) ndi kuyenda mwapang'onopang'ono, mawu amakhala ndi manoti apamwamba obisika ambiri, ndipo amenewo ndi omwe amadutsa pakati pa makodi a piyano n'kufika kumapeto kwa holo. Pafupi ndi khutu la woimba amamveka okakala pang'ono, koma pa maikolofoni akuluakulu amafika osalala. Zida zambiri za chelo zilinso ndi noti imodzi yosakhazikika, imene oimba amati wolf, nthawi zambiri pakati pa E ndi F-sharp, pomwe thupi la chida limanjenjemera molimbana ndi nsambo mpaka noti imachita chibwibwi. Kachitsulo kakang'ono komangirira pa nsambo kuseri kwa bridge kamachepetsa vutoli, ngakhale kuti malo ake amasuntha chinyezi chikasintha. Kufinya thupi la chelo ndi mawondo pa notiyo kumathandizanso.

Mkati mwa gawoli nyimbo imakwera mpaka fortissimo yoopsa (mawu amphamvu kwambiri), piyano ikunjenjemeretsa makodi. Sitichepetsa chilichonse pa makina. Kusiyana kwa mapazi ofatsa a poyamba ndi mkuntho umenewu ndiko kumapangitsa gawoli kugwira mtima, ndipo kukafinyidwa ndi compressor (makina ofananitsa mphamvu ya mawu) sikubwereranso.

Malo ofatsa amaonetsa tiphokoso tonse. Benchi ya piyano inalira, tinaimanga zomangira zake. Chopondera chikamasulidwa mofulumira, tiziphimbo tonse tozimitsa mawu timagwera pa nsambo nthawi imodzi n'kumveka kuti dii, ndipo mankhwala ake ali m'phazi la woimba basi. Masamba a manoti tawakonza kuti asatembenuzidwe pamalo a chete. Kupuma kwa oimba sitikuchotsa, kupatula kumene kwadutsa mphamvu ya noti. Nsambo zatsopano siziikidwa sabata yojambula: zimatenga masiku angapo zikutsikabe, ndipo zimawala kwambiri moti take ya lero singagwirizane ndi ya mawa.

Lachinayi, gawo lomaliza

Schubert asanatumize nyimboyi kwa wosindikiza Probst wa ku Leipzig, anadula ma bar pafupifupi 100 m'gawo lomaliza ndipo anachotsa chizindikiro chobwereza. Mabuku a manoti a masiku ano amasonyeza zonse ziwiri, ndiye gulu lililonse limasankha. Kudulako anachita yekha, ndipo mawu ake ayenera kulemekezedwa. Koma m'zodulidwazo muli malo amene nyimbo ya chelo ya mu Andante imabwerera n'kuimbidwa nthawi imodzi ndi nyimbo ya manoti obwerezabwereza ya m'gawoli, ndipo kutaya malo amenewo n'kopweteka. Tajambula ma bar onse popanda kubwereza, ndiponso tajambula malo olumikizira a mtundu wodulidwa, kuti chisankho chidzapangidwe tikumvetsera chimbale chonse.

Manoti obwerezabwerezawo ndi mayeso a piyano. Makina amene Sébastien Érard anatulukira mu 1821 amalola kanyundo kugundanso kiyi isanabwerere pamwamba penipeni, koma timasipuling'i take tikafooka noti imodzi imasowa pakati pa mzere. Wochuna anakonza makiyi angapo apamwamba tisanayambe, ndipo woimba amasinthasintha zala pa kiyi imodzi osakweza dzanja. Scherzo, gawo lachitatu, imene zida zimatsatizana ndi nyimbo imodzi, inatha msanga.

Tisanamasule zingwe tinajambula mphindi ziwiri za holo ili chete, aliyense ali pamalo pake. Chete ameneyu ndi amene amaikidwa pakati pa magawo. Ukaikapo ziro weniweni wa pakompyuta, womvera amamva ngati chipinda chazimiririka. Mafayilo akopedwa katatu ndipo akuyenda m'zikwama zosiyana.

Lachisanu, pa sitima

Kuchoka ku Vienna kufika ku Prague ndi maola pafupifupi anayi, kenako sitima imatsata mtsinje wa Vltava ndi wa Elbe mpaka ku Dresden, ndipo Leipzig ili ola limodzi ndi mphindi zochepa kuchokera pamenepo. Gulu lokhala ndi chelo limakonda sitima chifukwa m'ndege chelo chimafuna tikiti yakeyake ya mpando. Mu sitima chiimikidwe chilili, chomangirira, kutali ndi chotenthetsera cha pansi pa zenera ndiponso pomwe dzuwa likulowa. Uta umasulidwe. Kachubu konyowa koika mkati mwa chida kafinyidwe bwino kasanalowe, chifukwa dontho limodzi lingasungunule guluu. Ku Prague tinangodutsa, ngakhale kuti ndi kumene Dumky ya Dvořák inaimbidwa koyamba mu 1891, mwini wake ali pa piyano.

Loweruka, Leipzig

Nyumba imene Mendelssohn anamwaliramo pa 4 Novembala 1847 ili pa Goldschmidtstraße 12, ndipo chipinda chake choimbira chikugwirabe ntchito. Ukaimamo umaona kuchepa kwa malo amene nyimbo zambiri zoterezi zinkayambira. Nyimbo ya D minor, Op. 49, anailemba mu 1839, ndipo inaimbidwa ku holo yakale ya makonsati ya Gewandhaus pa 1 Febuluwale 1840, iye pa piyano ndi Ferdinand David pa vayolini. Mnzake Ferdinand Hiller ataona zolemba zoyamba anamuuza kuti mbali ya piyano ndi yachikale, ndipo Mendelssohn anailembanso yodzaza ndi manoti othamanga. Zotsatira zake n'zokongola, koma pa piyano ya lero n'zoopsa. Nyimbo imayamba ndi chelo, ndipo pasanapite nthawi piyano imakhala ikukhuthula manoti mazanamazana. Ambiri mwa manotiwo ndi ongodzaza kumbuyo. Woimba asankhe noti yapansi ya kodi iliyonse ndi nsonga ya mzere, ena onse adutse mopepuka.

Konsati yathu inali m'holo yaing'ono, ndipo kujambula pamaso pa anthu kuli ndi malamulo ena. Maikolofoni akuluakulu sangaime pakati kutchinga omvera, ndiye tinawapachika ndi zingwe kuchokera m'mwamba, ndipo othandizira tinawaika pa timitengo tating'ono tapansi. Anthu ndi zovala zawo amamwa mawu, makamaka apakati ndi apamwamba. Holo imene masana inkabweza mawu bwino, usiku itadzaza inauma, vayolini inataya kuwala pang'ono ndipo manoti apansi a piyano anatsala onenepa. Poyeserera tinaika maikolofoni poganizira zimenezi, kutali pang'ono kuposa mmene khutu linkafunira m'holo yopanda anthu. Kutentha kwa magetsi a pa siteji ndi kwa anthu kumatsitsanso nsambo, choncho oimba anachunanso mwakachetechete gawo loyamba litatha, ndipo wochuna piyano anagwira manoti angapo nthawi yopuma.

Kuyeserera komaliza kwa masana tinakujambula konse kuti kukhale kosungira. Pakagwa chifuwa pa noti yaitali ya mu Andante, pulogalamu yoyeretsera mawu imatha kuchichotsa ngati sichinagwere pomwe noti ikuyambira. Chikagwera pomwepo, pamafunika kachidutswa kochokera kwina, ndipo kachidutswa ka m'holo yopanda anthu kamakhala ndi mawu otsalira aatali. Kakhale kakafupi, bar imodzi kapena ziwiri, kolumikizidwa pomwe piyano ikugunda kodi yamphamvu, chifukwa kugundako kumabisa msoko.

Anthu anaomba m'manja kodi yomaliza ya D major isanazilale, monga zimachitikira nyimboyi ikaimbidwa bwino. Holo itatsala yopanda anthu, oimba anabwerera pamipando yawo zida zikadali zofunda, n'kuimbanso ma bar 16 omaliza kawiri, kuti pakhale mathero oyera ngati gulu lidzasankhe kutulutsa chimbale chopanda kuomba m'manja. Tinabwerezanso poyambira scherzo, pomwe chitseko chinalira. Kulumikiza kuyamba pakatha milungu iwiri kapena itatu, makutu atapuma, ndipo oimba adzalandira mtundu woyamba pamodzi ndi buku la manoti losonyeza take imene yagwiritsidwa ntchito pa bar iliyonse.